Kodi Wamudwalitsa Ndani?

Pafupi ndi boma la Chikwawa pali manda a Azungu awiri amene anthu ambiri a m'chigwa chino sadziwa ndi maina awo omwe. Mmodzi ndi mbusa Henry Scudamore, amene adamwalira pa 1 Januwale 1863, ndipo winayo ndi dokotala John Dickinson, amene adamtsatira m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Onse awiri adali a mishoni ya Angilikani ya UMCA, imene idasamuka ku Magomero n'kudzakhala pamudzi wa Chibisa. Mtsogoleri wawo, Episkopi Charles Mackenzie, adali atatsogola kale pa 31 Januwale 1862 pachilumba cha Malo, pamene Ruo athira mu Shire. Bwato lake lidagubuduzika, mankhwala onse n'kupita ndi madzi, ndipo malungo atamgwira adasowa chakumwa.

Anthu amenewa adali ophunzira kwabasi. Mackenzie adali katswiri wa masamu wochokera ku sukulu yaukachenjede ya Cambridge. Koma mukadawafunsa kuti malungo amachokera kuti, akadakulozerani ku Dambo la Njovu ndi kunena kuti ndi mpweya woipa wotuluka m'madzi ovunda. Dzina lenileni limene Azungu amatchulira malungo lidachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Kachirombo koyambitsa nthendayi adadzakaona m'magazi ndi Alphonse Laveran mu 1880, ndipo zoti kamayenda ndi udzudzu adadzazitsimikiza ndi Ronald Ross mu 1897, manda a pa Chibisa atamera kale thengo. Tsono agogo athu akamanena kuti mwana wadwala malungo chifukwa chodya mango osapsa, kapena chifukwa chonyowa ndi mvula, tisafulumire kuwaseka. Anyani sasekana zikundu. Mzungu adaona kuti malungo amakonda kudambo, agogo adaona kuti amakonda nyengo ya mango ndi mvula, ndipo onse awiri adaona zoona, pakuti kudambo ndiko kuswana udzudzu ndipo dzinja ndiyo nyengo yake. Chimene adaphonya onsewa ndi kanthu kakang'ono kamene kadali kuwalira m'khutu usiku uliwonse.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi, awerengi okondedwa, chifukwa pali mawu amodzi amene tidazolowera kuwagwiritsa ntchito mwaulesi. Chilichonse chimene makolo adali kuchita pofuna kuchiza kapena kupewa matenda timachiponya m'dengu limodzi n'kulembapo kuti «zachikunja». Ena, makamaka masiku ano, amanyamula dengu lomwelo, kufafaniza mawuwo, n'kulembapo kuti «chikhalidwe chathu», ndipo amati pasapezeke wolikhudza. Magulu onse awiri safuna kukhala pansi ndi kupeta. Koma m'dengumo muli mapira ndi mankhusu, ndiponso muli timiyala tothyola mano.

Mapira alimo ndithu. Kwinini amene Mackenzie adamsowa pachilumba chija adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa kumapiri a ku Peru, ndipo ku Ulaya khungwalo lidatchuka ndi dzina la ansembe a Chijezuwiti amene adali kulifalitsa. Kwa zaka pafupifupi 200 Azungu adali kumwa ufa wa khungwa ngati momwe ife timamwera mizu, mpaka mu 1820 pamene akatswiri awiri a ku France adapatula kwinini weniweni m'khungwamo. Mibulu imene David Livingstone adali kupatsa anzake idali ya kwinini wosakaniza ndi mankhwala otsegula m'mimba, kuphatikizapo calomel, amene lero tidziwa kuti ndi poizoni. Nawonso madokotala a ku Ulaya adali kukhetsa magazi a wodwala poganiza kuti akutulutsa nthenda, monga momwe asing'anga athu adali kulumikira ndi nyanga. Palibe mtundu wa anthu umene udabadwa ndi maikulosikopu m'manja. Motero sindiona chifukwa chochitira manyazi ndi khungwa kapena muzu. Muzu ungathe kuyesedwa, ndipo ukapezeka kuti ndi wothandiza usungidwe, ukapezeka kuti ndi wovulaza utayidwe.

Timiyala tili pena. Munthu akadwala pamudzi pamabuka mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti wadwala chiyani. Lachiwiri, limene limanong'onedwa kuseri kwa nkhokwe, ndi lakuti wamudwalitsa ndani. Mbiri ya zikhulupiriro zathu pa za umoyo ikaŵerengedwa mosakondera, ionetsa kuti pa funso loyamba makolo adali ndi maso akuthwa, koma pa funso lachiwiri ndi pamene padatayika miyoyo. Ndipo chala chikamaloza, kawirikawiri sichiloza mfumu kapena mwini ng'ombe zambiri. Chimaloza nkhalamba yopanda ana, mkazi wamasiye, mayi wa mwana wodwalayo, mkamwini, kapena mlendo wodutsa.

Taonani mwabvi. Pakagwa maliro osadziwika bwino, mapondera adali kusinja khungwa la mtengo wa mwabvi, kulisungunula m'madzi, ndi kumwetsa oganiziridwa. Wosanza adali kuyera, wakufa adali mfiti. Anthu osalakwa adali kupempha okha kuti amwe, pokhulupirira kuti mtengo sunganamize munthu. Komatu khungwalo lili ndi ululu woimitsa mtima, ndipo silifunsa kuti womwayo adatani. Kusanza kapena kufa kudali kudalira kuchuluka kwa ufa, mphamvu za thupi la womwayo, ndiponso dzanja la wosinjayo, amene adali kudziwa bwino lomwe kumene mtima wa mudzi wapendekera. Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi ndi lamulo la za ufiti la 1911. Tisaganize kuti matendawa adali athu okha. Ku Ulaya akhristu adali kugwiritsa munthu chitsulo chamoto kapena kumponya m'madzi pofuna kuona ngati ali wolakwa, ndipo ansembe adali kudalitsa mwambowo, mpaka Msonkhano Waukulu wachinayi wa ku Laterano udawaletsa mu 1215. Patapita zaka 400 adali kutenthabe amayi powanamizira ufiti, kotero kuti wansembe wina wa Chijezuwiti, Friedrich Spee, amene adaperekeza ambiri mwa iwo kokaphedwa, adalemba buku mu 1631 lotsutsa milandu yotereyi, osayika dzina lake pachikuto chifukwa cha mantha.

Mwabvi utaletsedwa, funso lija silidafe. Lidangosintha chikho. M'zaka za m'ma 1930 kudabuka mchape, madzi ofiira amene adali kumwetsa midzi yathunthu kuti ufiti uthe, ndipo adafalikira kuchokera kuno mpaka ku Zambia ndi maiko ena oyandikana nafe. Mu 1995 dzina lomwelo lidamvekanso pamene anthu zikwizikwi, a kuno kuchigwa ali pomwepo, adakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe, amene adati walota mankhwala a Edzi. Adamwa, adabwerera, ndipo maliro adapitirira.

Koma chikhulupiriro chimene ndifuna tichiyang'ane mofatsa ndi chimene chili m'nyumba zathu mpaka lero, ndicho cha tsempho kapena mdulo. Aliyense wokulira kumudzi adziwa malamulo ake. Pali anthu otentha ndi anthu ozizira. Mayi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi sakhalira malo amodzi mpaka tsiku lomtenga mwanayo. Bambo akazembera kunja m'nyengo imeneyi, ndiye kuti wamsempha mwana. Zizindikiro zake anamkungwi amazitchula mosaphonya: mwana amatupa mapazi ndi masaya, tsitsi limafiira ndi kulekana, khungu limasupuka, safuna kudya ndipo amangolira monyong'onya. Bambo J. W. M. van Breugel, wa chipani cha White Fathers, adalemba zambiri za mdulo m'buku lawo lonena za chipembedzo cha makolo a Achewa, ndipo adaonetsa kuti malamulowa adali ngati mpanda wotchinjiriza ukwati ndi ubwino wa mudzi.

Tsono mverani izi. Mu 1933 dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, akugwira ntchito m'dziko limene lero ndi Ghana, adafotokoza nthenda ya ana yokhala ndi zizindikiro zomwezi, ndipo mu 1935 adaitchula ndi dzina limene anthu a kumeneko adali kuitchulira, kwashiorkor. Tanthauzo lake ndi nthenda imene imagwira mwana wochotsedwa kubere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Ife tili ndi mawu athu, kutumbiza. Mwana akalekeratu kuyamwa asanakhwime, n'kumangomwa phala la ufa woyera lopanda nsinjiro, nyemba, nsomba kapena dzira, thupi limasowa chomangira ndipo limatupa. Ndiye kuti lamulo la makolo lotalikitsa bambo ndi mayi lidali kuteteza mwana ndithu, pakuti lidali kuchedwetsa mimba yotsatira ndi kutalikitsa nthawi yoyamwa. Adamanga mpanda wabwino, ngakhale adalakwitsa dzina la chilombo chimene adali kuchitchingira.

Kulakwitsa dzinako kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi mwana. Akayamba kutupa, banja limakhala pabwalo m'malo mokhala panjira ya kuchipatala. Apongozi amafunsa mkamwini kumene adagona, mayi amafunsidwa za mchere, masiku amapita kufunafuna wolakwa ndi mankhwala osambitsa, ndipo pofika ku Trinity ku Muona, ku Kalemba ku Bangula kapena ku Montfort ku Nchalo, mwanayo amakhala atafookeratu. Chonsecho chimene chimafunika ndi mkaka wa kuchipatala, chiponde ndi Likuni Phala. Ndiponso m'chigwa ngati chathu chino, chimene chimapsa ndi chilala chaka china n'kumira ndi madzi chaka chinacho, kumene mabanja amafika podya nyika za m'dambo, kodi nchilungamo kuuza mayi amene alibe ndi nsinjiro yomwe kuti mwana wake watupa chifukwa cha khalidwe lake? Njala ili ndi eni ake oyenera kufunsidwa, ndipo tsempho imawapulumutsa ku mafunso.

Za liwombo ndi chimodzimodzi. Amayi adaona zoona kuti liwombo la khanda likalowa m'kati, imfa ili pafupi. Koma phula la mankhwala lomata pamutu silibweza madzi amene atha m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba. Chobweza ndi bere ndi Thanzi ORS.

Pa kulowa kufa sindipeza mapira alionse oti ndipete. Mwambo umenewu, umene Nsanje idatchuka nawo, umati mkazi akaferedwa mwamuna ali ndi imfa pathupi, ndipo kuti mudzi usathe ayenera kugona ndi mwamuna wina, nthawi zambiri wolembedwa ganyu amene amamutcha fisi. Ena amati cholinga chake chidali kumasula wamasiye kuti abwerere pakati pa anzake. Zikhoza kutero. Koma taonani amene akusenza katundu: mkazi wolira, wouzidwa kuti akakana, ana ake akamwalira mlandu ndi wake. Kuyambira 1985, pamene Edzi idapezeka koyamba m'dziko muno, mwambo wothamangitsa imfa udasanduka njira yoitanira imfayo. Ambiri amene adali kuwonda ndi kutsokomola adali kuuzidwa kuti ndi kanyela, ndipo ngakhale mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ena adachedwa kukayezetsa chifukwa dzina la nthenda yawo adali atapatsidwa kale kumudzi. Mu 2016 dziko lonse lapansi lidamva za mwamuna wina wa ku Nsanje amene adaulula pawailesi ya BBC kuti ndi fisi ndiponso kuti ali ndi kachirombo. Khoti lidamlamula kukakhala kundende zaka ziwiri. Amene adali kumtuma ndi kumlipira adatsala pamudzi, ndipo ndi abale a anthu omwewo amene adali kuwagona.

Nanga Mpingo udatani m'zaka zonsezi? Udamanga zipatala, ndipo masisitere ndi anamwino adapulumutsa miyoyo yosaŵerengeka. Izi sizikanika. Koma maulaliki ambiri adali kungoletsa osafotokoza. Mkhristu wopezeka ndi mphinjiri m'chiuno mwa mwana adali kuimitsidwa masakramenti, koma palibe adamuuza chimene chimatupitsa mwana. Chotsatira chake ndi chimene tonse tichidziwa: m'maŵa ku Misa, madzulo kwa sing'anga, ndipo zonse ziwiri mobisa china kwa chinzake. Enanso adangosintha chithumwa n'kuyika mendulo, ndi kumaona madzi odalitsa ngati mankhwala otsirika nyumba. Katekisimu wa Mpingo amatchula khalidwe lotereli kuti nalonso ndi chikhulupiriro chachabe, ngakhale chinthucho chikhale chodalitsidwa.

Wina amene adayesa njira yosiyana ndi Bambo Matthew Schoffeleers, a chipani cha Montfort, amene adafika m'dziko muno mu 1955, natumikira m'chigwa chino, ndipo adamwalira mu 2011. Iwo adakhala pansi ndi akuluakulu a ku Khulubvi kumvetsera mbiri ya Mbona, ndipo buku lawo lotchedwa River of Blood lidatuluka mu 1992. Adaonetsa kuti kwa Amang'anja chilala, dzombe ndi miliri zidali kuonedwa ngati chizindikiro chakuti m'dziko mwalakwika kanthu, ndipo mlaula wa Mbona adali ndi mphamvu yodzudzula ngakhale mafumu. Apa pali chinthu chimene ndichiyamikira, pakuti chala cha ku Khulubvi chidali kutha kuloza kumwamba, kwa olamula, pamene chala cha mwabvi ndi tsempho chimaloza pansi. Adalembanso kuti akhristu ambiri a mu Africa amamumvetsa bwino Yesu akamamuona ngati Sing'anga. Ganizo limeneli ndi lokoma, koma liyenera kugwiridwa mosamala. Sing'anga wa kwathu ali ndi ntchito ziwiri, kupereka mankhwala ndi kuombeza ula kuti apeze wolakwa. Yesu adachita yoyamba ndipo adakana yachiwiri. Pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, ophunzira ataona munthu wobadwa wosapenya adafuna kudziwa ngati wolakwa adali mwini wakeyo kapena makolo ake. Lidali funso lathu lomwe lija la kuseri kwa nkhokwe. Ambuye adawachotsa onse awiri pamlandu, napaka thope m'maso mwa munthuyo ndi kumtuma kukasamba.

Tisaganize kuti sukulu ndi lamya za m'manja zidathetsa funsoli. Kumapeto kwa 2002 mphekesera za anamapopa zidagwedeza maboma a kummwera, ndipo ku Thyolo ansembe atatu a Katolika adamenyedwa powaganizira kuti ndi opopa magazi. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 zidabukanso ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufika ku Nsanje ndi ku Blantyre komwe, ndipo anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa popanda dontho limodzi la umboni. Mphekesera zotere nzakale. M'zaka za m'ma 1930 ansembe a White Fathers kumpoto kwa Zambia adanenedwa kuti ndi banyama, ogwira anthu kuti awachotse magazi. Apa achipatala nawonso ali ndi gawo lawo. Munthu akamatengedwa magazi pamkono, osauzidwa kumene akupita ndi chimene akafunemo, ndipo akafunsa n'kukalipiridwa, amabwerera kumudzi ndi funso lopanda yankho, ndipo mudzi umampatsa yankho lake. Tidaonanso zomwezi pa mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022, namondwe Ana atangowononga chigwa chino, ndipo udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko lonse. M'madera ena anthu adaphwanya zipatala ponena kuti anamwino ndiwo akupha odwala. Amene adali kufika mochedwa adali kufera m'tenti, ndipo oona adali kunena kuti tentiyo ndiyo ikupha. Maso adaona zoona kachiwiri, ndipo chala chidalozanso munthu wosalakwa.

Pali nkhani ina ya ku Chikwawa imene siitchulidwa kawirikawiri. Chigwa chino chidali kudziwika ndi matenda a maso kuposa madera ambiri a dziko lino, chifukwa cha fumbi, ntchentche, kusowa kwa madzi osamba, chikuku ndi kupereŵera kwa vitamini A m'zakudya za ana. Diso likafiira, anthu adali kuthiramo madzi a masamba ofinya, utomoni ndi zina zoluma, poganiza kuti mankhwala owawa ndiwo amphamvu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo Achimalaŵi adafufuza odwala zilonda za m'diso, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali atathira kale mankhwala achikuda asanafike kuchipatala, ndipo ameneŵa ndiwo adali kuchita khungu kwambiri. Akadatha kupita kupolisi kapena kulalika pawailesi kuti asing'anga ndi akupha. M'malo mwake adaitana asing'anga a m'boma la Chikwawa, nakhala nawo pansi ngati anthu a ntchito imodzi. Sadakangane nawo za mizimu. Adagwirizana zinthu zoŵerengeka: kuti m'kati mwa diso musamathiridwe kanthu, kuti ana azisambitsidwa kumaso, ndiponso kuti sing'anga akaona ng'ala, zikope zopindikira m'kati kapena chilonda pa diso, atumize munthuyo kuchipatala msanga. Asing'angawo sadataye ulemu wawo pamudzi, pakuti wodwala akabwerako akupenya adali kuthokoza amene adamtuma. Kafukufuku wotsatira, wofalitsidwa mu 1996, adaonetsa kuti pachipatala cha Chikwawa khungu lobwera ndi zilonda za m'diso lidachepa pambuyo pa maphunzirowo.

Mu Epulo 2019 Malaŵi idakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala za boma, ndipo Chikwawa ndi Nsanje adali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Amayi amene agogo awo adali kuletsa ana mango osapsa adanyamula makanda kumsana kupita kusikelo, ena a iwo mkanda wa mphinjiri uli m'chiuno mwa mwana, ndipo alangizi a zaumoyo anzeru sadaufunse mkandawo. Mu Seputembala 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti nthenda ya maso ya trachoma, imene idachititsa khungu agogo ambiri a kwa Ngabu, kwa Tengani ndi kwa Chapananga, yaleka kukhala vuto lalikulu m'Malaŵi.